Tambala wa Aphunzitsi a Nuriya

Pokwerera minibasi zotchedwa chapa ku Mandimba, mayi wina anafunsa bambo amene anakupatira tambala m'khwapa.

"Bambo, tambalayu ngwamalonda?"

"Iyayi, mayi. Ndikukapereka kwa aphunzitsi ku Cuamba, amene anaphunzitsa mwana wanga Nuriya masamu."

"Ali kuti mwanayo?"

"Ali kunja. Akuphunzitsa kagalimoto kopanda woyendetsa kuzindikira mchenga woipa, kuti kakafika kudziko lakumwamba lija lotchedwa Mars kasakatitimire. Kumeneko kulibe wokankha."

"Eee! Ndiye ntchito yonseyo, tambala mmodzi?"

"Ndiyambe ndaona ngati akandilandire. Tsiku lomwe anabwera kudzaletsa ukwati wa Nuriya, mwana ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ine ndinawathamangitsa ndi mpini."

"Anathawa?"

"Anathawa liwiro la mtondo wadooka. Koma Mulungu awasunge, mayi, m'mawa mwake anabweranso."