Ndalama za Matikiti Zinabwerera, Amayi a Kugombe Anazikana

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse.

Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Tamandani. Ndikuphunzira za uphunzitsi ku koleji, ndipo ndabwera patchuthi. Ndaima pano kuti ndichitire umboni za achimwene anga, a Yamikani. Ndinayamba ndawapempha chilolezo. Anandiyankha kuti, "Ukanene, koma usakakometsere." Choncho ndinena monga zinachitikira.

Achimwene anga ndi siginala. Alendo athu ochokera ku Chitala mwina simukudziwa: siginala ndi msodzi amene amatsogola ndi nyali pa bwato laling'ono kuti nsomba zisonkhane, anzake aponye ukonde. Ntchito imeneyi ndi imene inatilera bambo athu atamwalira. Ntchito imeneyi ndi imene inandifikitsa ku koleji. Koma Mulungu anawapatsanso mawu. Ankaimba posoka ukonde. Ankaimba popalasa bwato. Ankaimba ngakhale posamba, mpaka amayi ankafunsa kuti, "Iwe Yamikani, kodi pakamwa pakopo anaiwala kuikapo chitseko?"

Chaka chimene kunabwera mliri wa kolona, anthu ena anakonza chikondwerero chachikulu cha nyimbo pagombe lina la kuno ku Salima. Ankafuna woimba mmodzi wa kwathu kuno kuti adzatsegulire mwambowo, ndipo anasankha achimwene. Abale anga, kunyumba kwathu kunali chimwemwe. Amayi amene amagula nsomba pagombe lathu anagula matikiti pafoni, aliyense yake. Ambiri mwa iwo anali asanapondepo pamalo otero chibadwire. A Nankhoma, amene mukuwaona akhala kutsogoloku ndi ndodo yawo, anagula ndi chitenje chomwe.

Nyengo yotsegulira usodzi ku chilumba cha Mbenji itakwana, mwini ukonde anaitana achimwene. Inu mukudziwa kuti wopita ku Mbenji sabwerako mawa lake. Amakhala komweko. Achimwene anati, "Bwana, chaka chino mundikhululukire, ndikukonzekera nyimbo." Mwini ukonde sanakwiye. Anangopereka malowo kwa siginala wina, mabwato n'kunyamuka.

Sipanapite nthawi, boma linaletsa misonkhano ya anthu ambiri. Sukulu zinatsekedwa, inenso ndinabwerera kumudzi. Kenaka uthenga unafika wakuti chikondwerero chalephereka, ndipo aliyense amene anagula tikiti abwezeredwa ndalama zake.

Achimwene anaimbira foni okonza chikondwerero aja. Ndinali pambali pawo. Bambo amene anayankha anali waulemu, ndipo anapepesa kwambiri. Anafotokoza kuti inshuwalansi yawo ikuwathandiza kubweza za matikiti ndi kulipira amene anabwereketsa zipangizo, koma woimba amalipidwa akaimba. Achimwene anati, "Zikomo, ndamva." Anatseka foni, naiika m'thumba pang'onopang'ono.

Ku Mbenji malo kunalibe. Pansanja yoimbirapo malo panalibe. Munthu anatsala pakati.

Abale ndi alongo, njala tinaiona, koma si njala imene ndikufuna kunena. Chimene chinatiopsa n'chakuti m'nyumba mwathu munakhala chete. Achimwene analeka kuimba. Anamasula nsambo za gitala, naikulunga m'thumba la mpunga, n'kuipachika kudenga. Akapita kugombe kukafuna ganyu, anzawo ena ankawaseka kuti, "Oimba athu, ndege inyamuka liti?" Iwo ankangodutsa. Amayi, omwe aja ankadandaula za phokoso, ankayamba dala nyimbo potsuka mbale, n'kuilakwitsa dala, kuti mwina awakonza. Sanawakonze.

Tsiku lina anatiuza maganizo awo. Anati apeza munthu wa ku Lilongwe wofuna kugula gitala, ndipo ndalamazo akwerera ulendo wa ku Joni. Amayi anati, "Malire ndi otseka, mwana wanga." Iwo anati, "Kuli njira za kutchire." Tonse tinkadziwa mabanja amene ana awo anadzera njira zimenezo, osamvekanso. Amayi anagwada, ine ndinagwada. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, musatilande munthu ameneyu. Ndinalibwereza m'mawa. Ndinalibwereza masana. Ndinalibwereza mpaka ndinayamba kukayika ngati likumveka.

Mulungu sanatsegule malire. Sanabwezeretse chikondwerero. Anatuma a Nankhoma.

Anafika m'mawa wina, atamanga kansalu kutchinga pakamwa ndi pamphuno, naima patali monga ankatilangizira a zaumoyo.

"Odi kuno. Woimba uja alipo?"

Achimwene anatuluka, nakhala pakhonde.

"Foni yanga yalira," anatero a Nankhoma. "Akuti andibwezera ndalama za tikiti. Ndalakwa chiyani ine?"

"Simunalakwe, amayi. Chikondwerero chalephereka, ndiye aliyense akulandira zake."

"Yamikani, ndinayamba kugula nsomba kwa iwe uli wopalasa chabe, makutu ali ngati zitseko za galimoto. Ndikakupatsiratu ndalama ya nsomba, mphepo ya mwera n'kuomba, umandibwezera?"

"Iyayi, amayi."

"Zimatani?"

"Mumadikira. Nyanja ikadekha ndimakubweretserani nsomba zanu."

"Nanga msodzi akabweza ndalama, amakhala akunena chiyani?"

Achimwene anayang'ana pansi. "Amakhala akunena kuti musadzabwerenso pa bwato lake."

"Ndiye iwe ukundithamangitsa pa bwato lako?"

Abale anga, amene muli a kugombe mukudziwa kuti umu ndi mmene timachitira. Wogula nsomba akapereka ndalama, wamanga ubale. Mphepo ikavuta sitilandana, timadikirana. Okonza chikondwerero anabweza ndalama mwachilungamo, monga mwa ntchito yawo. Koma kwa amayi a kugombe, kubwezeredwa kunali ngati kutukwanidwa.

A Nankhoma anamasula mfundo ya chitenje, naika ndalama ija pansi, n'kuitsinjika ndi mwala.

"Ine ndinaitanitsa nyimbo. Amenewo andibwezera, ndiye ndabweretsa kwa mwini katundu."

"Amayi, kuimba n'koletsedwa."

"Aletsa khamu, sanaletse pakamwa. Pa thandala loyanikira usipa pamakhala anthu angati? Mwini wake, mpongozi wake, ndi ntchentche. Ntchentchezo nazonso aziwerenga?"

Achimwene anaseka pang'ono. Kanali koyamba kuwamva akuseka chilepherekere chikondwerero chija. Komabe anati sangatenge ndalamayo. Amayi athu anatulutsa mutu pakhomo nati, "Utole, usatichititse manyazi." A Nankhoma anali atatembenuka kale. Ali panjira anati, "Uyambe ndi anzanga, akubwera. Ine sindikuthamanga."

Ndipo anabweradi. Sanabwere pamodzi, popeza kunali koletsedwa. Lero mmodzi, mawa awiri, aliyense ndi mwala wake. Sikuti anali olemera. Malonda a nsomba nawonso anali atalowa pansi, ndipo ndalama imeneyo ikanagula sopo kapena ufa. Koma palibe amene anafuna kuti anzake amve kuti iye analandira zobwezedwa n'kukhala chete.

Achimwene anatsitsa gitala. Sanaitsitse chifukwa mtima unali utachira. Anaitsitsa chifukwa msodzi sasunga ndalama ya munthu osapereka katundu.

Tsiku loyamba ndinawaperekeza. Dzuwa linali litakwera, fungo la usipa lili ponseponse. Anaima kumapeto kwa thandala, mwini wake ali kumapeto kwina, akutembenuza nsomba zake. Mawu anatuluka osasa. Anasiya. Mayi uja sanadzutse ndi mutu womwe, anangoti, "Zimenezo ndi zolawitsa. Tsopano ndipatse zimene ndinalipira." Anayambanso. Pofika pakati, mayi wa thandala loyandikana anapolokezana nawo ali pomwepo. Wina wa patsogolo anavomera. Palibe amene anasuntha pamalo pake, palibe amene anasiya ntchito, koma nyimbo inayenda gombe lonse. Ine ndinaima kuseri kwa bwato logwadika, ndikulira.

Anapitiriza chomwecho, thandala ndi thandala, khomo ndi khomo. Wina ankafuna nyimbo ya kutchalitchi. Wina ankafuna yopalasira bwato. Wina anali ndi mwamuna wodwala m'nyumba, ndipo anapempha kuti amuimbire ali panja pa zenera. Pamene munthu wa ku Lilongwe uja anaimba foni kufunsa za gitala, ndinamva achimwene akuyankha kuti, "Pepani bambo, sindingagulitse. Ndili ndi maoda a eni ake."

Ulendo wa ku Joni unathera pomwepo. Sanaunenenso, ifenso sitinawafunse.

Lero sindikuuzani kuti achimwene anatchuka. Sanatchuke. Okonza chikondwerero aja sanawaitanenso, ndipo sitiwasungira mangawa. Nyengo yotsatira mwini ukonde anawabwezera malo awo, ndipo akugwira ntchito yawo ya usiginala. Akakhala kumtunda amaimba m'kwaya ya mpingo uno, uko mukuwaona akubisa nkhope. Anakwatira. Ine ndatsala pang'ono kumaliza maphunziro. Amayi ayambanso kudandaula za phokoso, ndipo amadandaula akumwetulira.

Ndikuthokoza Mulungu, amene anamva pemphero lalifupi la munthu wokayika. Ndikuthokoza inu amayi a kugombe. Munkaona ngati mukungotsata mwambo wa malonda, koma munatisungira mlongo wanga.

Maoda onse aja anaperekedwa, kupatula amodzi. A Nankhoma sanalandirebe nyimbo yawo. Chaka chilichonse achimwene amapita ndi gitala, iwo n'kuwabweza kuti sinakwane nthawi. Sabata yathayi ndinapita nawo, ndipo achimwene anadandaula kuti, "Amayi, mundimasule. Katundu wanu wakhalitsa kwa ine."

A Nankhoma anati, "Usunge. Udzandiimbira tsiku lonyamula bokosi langa."

"Nanga mudzamva bwanji?"

"Iwe udzangoimba, za kumva ndi zanga. Koma tsiku limenelo ukhale uli pafupi. Ndisadzamve kuti uli ku Joni."

Choncho, abale ndi alongo, ndikupemphani kuti tizipempherera a Nankhoma moyo wautali. Iwo sakuthamanga, ndipo achimwene anga sakupita kulikonse.

Ambuye alemekezeke. Amen.