Bambo Jethro Shawa ndi Nyumba ya Machumuni

Malemu bambo Jethro Shawa anabadwa pa 9 Juni 1946 ku Chiparamba, pa famu ya fodya pamene atate awo ankagwira ntchito ya ukalipentala. Ine ndaima pano ndine Philemon, mwana wa mlongo wawo, ndipo mundilole ndiziwatchula kuti amalume, poti pakamwa panga panazolowera motero.

Pa famupo panali nyumba yosanja imene tonse timaitcha ya Machumuni. Mzungu wa famuyo anaimanga mu 1927 potengera chithunzi cha nyumba ya makolo a mkazi wake ku Mangalande, ati kuti mayiyo asamapukwe kwawo. Anatengera zonse osasiyako kanthu: machumuni ataliatali, posonkha moto m'chipinda chilichonse, mawindo a timagalasi ting'onoting'ono, ndi denga lotsetsereka kwambiri kuti chipale chofewa chisamaunjikane pamwamba. Chipale chofewa ku Chiparamba! Amalume akafika pamenepa ankaseka mpaka misozi. Koma ankanenanso kuti ali mwana, nkhungu ya m'mamawa ikaphimba dambo, nyumbayo inkaoneka ngati ikuyandama, machumuni okha ali poyera, ndipo iwo ankaiwala mbuzi n'kumangoyang'ana.

Anayamba sukulu ya mishoni mu 1954, ndipo mu 1967 anatsiriza maphunziro a uphunzitsi. Pa 14 Ogasiti 1971 anamanga ukwati woyera ndi mayi Dailes Jere mu mpingo wa Reformed. Anaphunzitsa ukalipentala ku Katete, ku Petauke ndi kuno ku Chipata mpaka anapuma pa ntchito mu 2001, n'kukhazikika ku Kapata, m'tauni mommuno. Ambiri mwa inu mipando imene muli nayo kunyumba inakhomedwa ndi ophunzira awo.

Pa nthawiyo n'kuti nyumba ija itasanduka bwinja. Azungu atachoka inakhalako nkhokwe ya chimanga, kenaka inatsalira mileme ndi njuchi, anthu n'kumazulako malata ndi mafelemu. Amalume zinawapweteka mtima. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kuchoka ku Kapata kukalambula, kutseka modontha ndi kuthira mankhwala a chiswe. Mayi Dailes ankadandaula moseka kuti awapezera mkazi mnzawo wa njerwa. Ifenso tinkawafunsa chimene ankavutikira ndi nyumba imene iwo eni ali mwana sankaloledwa kupondamo. Yankho lawo linali kutitengera kuseri kwa khitchini n'kutionetsa njerwa zokhala ndi zidindo za zala. Ankati mzungu anangobwera ndi chithunzi, koma dothi linapondedwa ndi agogo athu, zitseko anapala ndi atate awo, ndipo akaika dzanja pa njerwazo ankamva ngati akupatsana moni ndi anthu amene anapita kale.

Mu 2019 malowo anagulidwa ndi wamalonda wina amene anafuna kugwetsa nyumbayo kuti amangepo mosungira katundu. Amalume anayenda mpaka nsapato kutha, kupempha a boma oteteza zinthu zakale kuti aiike m'gulu la nyumba zosaloledwa kugwetsedwa. Akuluakuluwo anabwera mu 2022, koma anapeza masitepe okwerera m'mwamba atadyedwa ndi chiswe. Anati sangagamule za nyumba imene aiona theka, ndiponso kuti nyumba yakale imakonzedwa ndi mtengo womwe unalipo poyamba, umene unali mlombwa. Analonjeza kubweranso kamodzi kokha, ndipo mwini malo anavomera kudikira mpaka tsikulo.

Mlombwa wouma bwino masiku ano nonse mukudziwa kusowa kwake. Koma mu Seputembala 2023 ngolo inafika pa Machumuni itanyamula matabwa ofiirira, osalala, onunkhira bwino. Aliyense wofunsa kumene achokera, amalume ankamuyankha za mvula ya chaka chimenecho. Iwo ankayeza ndi kulemba, ophunzira awo akale ankacheka ndi kukhoma, mpaka masitepe anafika pamwamba.

Mu Febuluwale 2024 amalume anachita sitiroko, mwendo wakumanzere n'kufa. Mu Meyi akuluakulu aja anabwera, anakwera, anazungulira zipinda zonse, ndipo mu Ogasiti pachipata panaikidwa chikwangwani chonena kuti nyumbayo ndi yotetezedwa ndi lamulo. Amalume tinawatengera komweko pa galimoto. Kukwera sanathe, ndipo anakana kunyamulidwa. Anakhala pa sitepe yoyamba n'kumaisisita, maso ali m'mwamba kumene dzuwa linkalowera pa timagalasi tija, fumbi likuuluka pang'onopang'ono m'kuwalako. Anakhala choncho nthawi yaitali, ife osafuna kuwasokoneza. Anatisiya pa 21 Okutobala 2024 m'chipatala chachikulu cha Chipata, ali ndi zaka 78.

Tsopano ndiyankhe zimene ndamva ena akunong'onezana, zoti mphunzitsi wa ukalipentala angagone bwanji m'bokosi la paini wamba. Monga amachitira akuluakulu ambiri, amalume anasunga matabwa a bokosi lawo kudenga kwa nyumba yawo, ndipo banja lonse linkadziwa. Dzana mwana wawo Mandla anakwera kukawatsitsa, koma anapeza zingwe zokha zili lende. Apa mayi Dailes ndi pamene anatiuza kuti matabwa a pa ngolo aja anali omwewo. Misozi imene tinali titaumitsa inayambiranso. Choncho bokosi ili musalione ngati kunyozera kwa banja. Bokosi la amalume lili ku Chiparamba, ndipo ana a sukulu okaona nyumbayo akukwerapo.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Dailes, ana atatu, Mandla, Hazel ndi Keith, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo Edita, amene ndi mayi anga. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi amayi a chigwirizano, adzukulu okumba manda, anansi a ku Kapata, komanso ophunzira awo akale amene akhoma bokosi ili.

Amalume, nyumba ija yaima, sigwanso. Pitani bwino, a Shawa, ndipo Mulungu ausitse mzimu wanu mumtendere.