Mayi Bwezani ndi Lamulo la Masiku Zana

Malemu anabadwa pa 14 Okutobala 1969, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhulane ndine mlongo wawo wopondana nawo. Abale andipatsa pepala loti ndiwerenge, ndipo ndiwerenga, koma pena ndizituluka m'pepalamo chifukwa cha mwana wawo wamkazi uyo wakhala pambali pa bokosi, amene chimwalirire amayi ake sanagwetse msozi. Amene zimuwawe, zimuwawe.

Sukulu anayamba mu 1976 nalekezera chaka chachiwiri cha sekondale bambo athu atamwalira. Mu 1988 analowa ntchito pafakitale yosoka mayunifomu, poyamba ngati odula ulusi wotsalira. Mu 1991 anakwatiwa ndi alamu athu, amene ankayendetsa lole. Alamuwo anatisiya mu 2014.

Mu 1997 malemu anakwezedwa kukhala oyendera zosokedwa. Ankaima patebulo lalitali la kukhomo, kutembenuza malaya aliwonse, kukoka msoko, kuyesa mabatani. Chikalakwika ankachiponya m'dengu n'kunena kuti bwezani, ndiye dzina la Mayi Bwezani limene nonse mukulidziwali. Munthu anali wosabisa mawu. Tiyi akazizira ankanena, nsapato ikawathina msewu wonse unkadziwa. Nthenda ya shuga itawapeza mu 2016, ankatiimbira foni kutiuza ngakhale za chala chimene chachita dzanzi. Tinkatopa nawo, sindinama ayi, koma tinkadziwa mmene alili.

Mu Januwale chaka chino mwana wawo uyu, amene ndi chitsiriza, anawatengera ku kalasi ya bambo wina wodzitcha kochi wa moyo wachikhristu. Ife kochi tinkadziwa wa mpira. Bamboyo ali pano, mzere wachiwiri kutsogoloku, atchena suti yoyera pamaliro. Amaphunzitsa m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo, mipando yapulasitiki ndi bolodi loyera. Amati akukulitsa mwa anthu kuleza mtima, chimwemwe ndi kudziletsa. Zimenezo palibe Mkhristu angazikane. Koma anaikapo lamulo la m'mutu mwawo, lakuti munthu athe masiku zana osadandaula. Ophunzira amawagawa asanuasanu, ndipo madzulo aliwonse aliyense amalemba pafoni kuti lero sanadandaule. Mmodzi akangodandaula, asanu onse amabwerera pa tsiku loyamba. Mayi ndi mwana anawaika gulu limodzi.

Malemu anabweza gulu lawo kanayi, pena chifukwa cha basi yochedwa, pena magetsi. Ulendo wachinayi akochi anawaimika kutsogolo kwa anzawo, munthu wamkulu ngati ameneyu, n'kuwafunsa ngati sakuchita manyazi kukokera mwana wawo pansi. Pa 3 Meyi anayambiranso, ndipo kuchokera tsiku limenelo sitinamvenso dandaulo. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankangoti akuyamika. Ineyo, chitsiru ine, ndinawaombera m'manja. Ndinkauza anthu kuti alongo anga asintha, masiku ano foni yanga ikupuma.

Chapakati pa Meyi anaponda kachitsulo kufakitale, chilonda n'kubuka pansi pa phazi lamanzere. Munthu wa shuga, chilonda cha kuphazi! Kale akanatisonkhanitsa tonse tsiku lomwelo. Koma anachimanga ndi tinsalu totsala podula, n'kuvala masokosi awiri, n'kumaima patebulo lija maola asanu ndi atatu. Anzawo ataona kuti akutsimphina anawafunsa, iwo anati akuyamika. Mu Juni analembera akochi kufunsa ngati kupita kuchipatala kukanena kuti mwendo ukupweteka kumawerengedwa ngati kudandaula. Uthengawo ndauwerenga, foni ya malemu ili m'thumba mwangamu. Akochi anawayankha kuti thupi limamvera zimene pakamwa panena, choncho asalipatse mawu oipa, apirire masiku otsalawo.

Pa 2 Ogasiti, tsiku la 92, anakomoka kuntchito. Kuchipatala anamwino atawavula masokosi aja anayang'anana, ine ndinathawira panja. Madokotala anadula mwendo, koma anati matenda anali atalowa kale m'magazi, ndipo anatifunsa kuti miyezi yonseyi abalefe tinali kuti. Akochi anabwera kuchipatala ndi maluwa, n'kuuza wodwalayo kuti masiku awo sanawonongeke bola asabuule. Ndinaona ndi maso angawa alongo anga akuluma bulangete. Anamwalira pa 6 Ogasiti 2024 ali ndi zaka 54, osanena n'kamodzi komwe kuti akumva kuwawa.

Lero ndi tsiku la 99. Akochi alengeza kuti popeza malemu sanaphwanye lamulo, gulu lipitirize, mawa lilandire masatifiketi. Ya malemu abwera nayo kale m'felemu, ndipo apempha mphindi zisanu kuti ayipereke pano. Bambo inu, mphindizo kulibe. Felemu yanuyo mubwerere nayo, mukaikhome kuchipinda kwanu kwa pamwambako kuti ophunzira anu aziona chimene amapata akamaliza. Kuleza mtima malemu anali nako inu musanagule bolodi lanulo. Alamu atatisiya analera paokha ana atatu, anasamala amayi athu zaka zisanu ndi chimodzi ali chigonere, akulongolola ndithu, koma manja akugwira ntchito. Inu chimene munawaphunzitsa ndi kutseka pakamwa basi. Ndakwiya nanu, ndipo sindikubisa, chifukwa ine sindili m'gulu lanu.

Dzulo ndinamufunsa mwanayu chifukwa chake sakulira. Anandiuza kuti kukalasi anawaphunzitsa kuti kulira maliro mokweza n'kudandaulira Mulungu, ndipo iye sangawononge chimene amayi ake anachigwiritsa mpaka kufa. Akuti adzalira mkuja. Mkuja amayi ako adzakhala ali pansi, mwanawe.

Malemu asiya ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi, adzukulu anayi, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza anamwino amene anawasamala masiku anayi aja, anzawo a kufakitale amene anawanyamula pamanja kuwatengera kuchipatala, abusa athu, ndi amayi a mpingo amene akhala nafe kuyambira Lachiwiri. Amene sindinamutchule asaganize kuti ndamuiwala.

Mphindi zisanu zimene akochi amafuna ndazipereka kwa iwe, mwana wa mlongo wanga. Sunawaphe ndiwe amayi ako. Unawatengera kumeneko powafunira zabwino, monga inenso malume ako ndinaombera m'manja. Gulu likabwerera pa tsiku loyamba, libwerere. Bokosili sititseka mpaka uwalire.

Mzimu wa alongo anga ukause mumtendere. Abusa, musayambitse nyimbo. Timudikire mwanayu.