Mwatitha Anamutola Loweruka

Nthawi imene bambo anga anawasamutsa pantchito kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Mzuzu, ku Lupaso kunoku kunali tchire lokhalokha, ndipo ine ndinali kamtsikana kamiyendo ngati bango, kolongolola kuposa wailesi. Iwe Taonga, tabweretsa bukulo kuno! Chisomo, musiye mnzako, mung'amba chikuto! Mukulimbirana buku lomaliza la Mwatitha ngati chigumu, koma simukudziwa kuti buku limeneli linatsala pang'ono kundimanitsa banja, ndipo zikanatero inu nonse awiri bwenzi kulibe. Khalani pansi. Magetsi sabwera msanga, mvula nayonso sikata.

Masiku amenewo tinkakhala ku Zolozolo, ndipo mwana aliyense wodziwa kuwerenga anali atapenga ndi mabuku a Mwatitha. Inu lero mumangosisita foni n'kudziwa mathero a nkhani musanayiyambe n'komwe, koma ife buku limodzi linkayenda khomo ndi khomo mpaka masamba ake kufewa ngati chigwada. Tinakula naye limodzi Mwatitha. Tinamudziwa ali kamwana kokwera mitengo ya mango, tinadana naye limodzi mnyamata uja Dziwani amene anamudyera mbatata kusukulu, ndipo pamene awiriwo anayamba kuyang'anana mwamtundu wina, ifenso tulo tinasowa. Duku tinkamanga mopendekera chifukwa Mwatitha ankamanga choncho, ndipo mnzanga wina anagwa mumtengo n'kuthyoka dzino poyesera zomwezo, koma analiradi monyada.

Ndiye buku lachinayi mukulidziwa mmene limathera: Mwatitha akuchokera kusukulu ya uphunzitsi, wakwera lole ya chimanga, lole ija yapendama pamlatho, iye m'madzi phava! Basi, tsamba latha. Wolemba ameneyo Mulungu amukhululukire, ine ndinachedwa kumukhululukira.

Buku lachisanu linalipo limodzi lokha kulaibulale ya m'tauni, ndipo olidikira anali ngati anthu a pachigayo. Woyamba kulipeza anali mnyamata wina woyandikana nafe nyumba, wofatsa, wamakutu otambalala, dzina lake Wongani Mhango. Eya, omwewa, agogo anu aamunawa, amene akunamizira tulo pampandopa. Asiyeni, akumva zonse.

Ndinamupeza pampope m'mawa, ine ndowa pamutu, mtima uli m'mwamba. Ndinati, “Iwe Wongani, usandiuze zambiri. Ungondiuza kuti Mwatitha zinamuthera bwanji.”

Iye, ndi Chichewa chake chopotoka chija, anati, “Aa, Dziwani anamutola. Linali Loweruka. Anthu anabwera ambiri chomene, tchalitchi kudzaza, kwaya kuimba, amayi ake kulira mpaka kuwagwirira.”

Ndipo ankanena zimenezi mano onse ali panja!

Ana inu, kwathu ku Zomba chimene amatola ndi chinthu chimene chagwa. Amatola mango, amatola nkhuni, ndipo munthu akagwera mumtsinje n'kukamutola Loweruka, anthu n'kudzaza tchalitchi, mayi ake n'kumalira, palibenso chofunsa, amenewo ndi maliro. Ndowa ija inagwa, madzi onse pamapazi ake, ine ulendo wa kunyumba ndikubuma ngati namfedwa.

Mayi anga anatuluka m'khitchini manja ali ndi ufa. “Wamwalira ndani?”

“Mwatitha, amayi!”

“Kalanga ine! Wa kwa yani ameneyo? Wa kumpingo?”

Anali atayamba kale kufunafuna chitenje choti avale kusiwa, koma atamva kuti malemuwo ndi a m'buku, anandithamangitsa ndi mthiko kuzungulira nyumba, akukuwa kuti iwo sanaberekere mwana kuti azilira anthu a papepala. Komabe ine duku lawo lakuda ndinaliba, ndipo ndinalivala mpaka linayamba kununkha.

Chimene chinandipweteka koposa anali anzanga. Iwo atawerenga bukulo ankangoti, “Koma tasangalala chomene!” Wina anandigwira paphewa nati, “Usalire iwe, anyamata ndi ambiri.” Kani iwo ankayesa kuti ndikulira nsanje, ati ndinkamufuna ndekha Dziwaniyo! Ine mumtima ndinkati anthu a kuno mitima yawo inauma ndi chisanu, mnzathu wafa iwo akukamba za anyamata. Nthawi yanga yobwereka bukulo itakwana ndinakana, ndinati sindingapite kumanda kawiri, ndipo aliyense woyamba kutchula Mwatitha ndinkatseka makutu.

Paja akulu anati safunsa anadya phula. Ife obwera kuchokera kummwera tinali ndi matama, Chitumbuka tinkangodziwa “yewo” basi, kumayembekeza kuti eni mudzi ndiwo aphunzire chathu. Inu lero mumasakaniza zilankhulo zitatu m'kamwa m'modzi, mpaka ine kusowa pogwira, koma pamenepo ndiye mwatiposa, ndivomere.

Kenaka ananditumiza ku Zomba kwa azakhali kukamaliza sukulu ndi kuphunzira kutayipa, ndipo pobwerera ndinali namwali wa nsapato zagogoda, wogwira ntchito mu ofesi. Wongani naye anali atakula, mutu utawapeza makutu aja, akugulitsa m'sitolo ya malata ndi misomali. Anayamba kundiperekeza pochoka kutchalitchi, akungotsokomola. Ndinkamufuna, ana inu, ndisaname, ndinkamufuna mpaka kulakwitsa makalata a bwana, koma munthuyo pakamwa panali ngati pomata. Ndiye kunamveka kuti kusitolo kwawo akumutumiza ku Karonga, ndipo ndinadziwa kuti munthu wamanyazi chotere akalankhula kamodzi n'kukanidwa, sadzabwerezanso.

Lamulungu lomaliza asananyamuke, anandiperekeza njira yodzera kudera la Geisha, mlongo wake Nyamhango akutitsata kumbuyo monga mwa ulemu. Anatsokomola, anakonza jekete, anatsokomolanso, kenaka anati, “Ine ndaganiza chomene. Ndikufuna ndikutole.”

Ndinamukalipira pompo. “Unditole? Ndagwa ine? Ndine chitsononkho cha chimanga? Kapena ukundifunira zimene zinamuonekera Mwatitha, uzikasekerera pamaliro anga ngati mmene unasekerera pa ake?”

Nkhope yake inagwa ngati chikwangwani chaombedwa ndi mphepo. Anati, “Pepani,” n'kutembenuka kumapita, ndipo ine ndinatembenukira kwina, gogoda, gogoda, misozi ili m'maso. Banja likanathera pamenepo lisanayambe, koma Nyamhango, mzimu wake uuse mumtendere, anandithamangira akuseka mpaka kugwira m'mimba.

“Mlamu! Mlamu, taimani! Kuno kutola ndi kukwatira!”

Ndinaima. “Mwati chiyani?”

“Mwamuna akatola mkazi, ndiye kuti wamukwatira!”

Mutu wanga unabwerera pampope paja. “Ndiye Loweruka lija... tchalitchi kudzaza... kwaya...”

“Unali ukwati, mlamu!”

Mukuganiza kuti ndinathamangira agogo anuwa? Ayi ndithu. Ndinakweza manja pakati pa msewu n'kukuwa kuti, “Mwatitha ali moyo! Ali moyo!” ndipo ndinalulutira mpaka amayi ena ochokera kumapemphero anayankha “Aleluya!” osadziwa n'komwe kuti wauka ndani.

Wongani atamva nthungululu anabwerera pang'onopang'ono, ndipo anapisa m'jekete n'kutulutsa buku lachisanu latsopano, limene anagula kuti andipatse ndikalola. Ndi ili mukulimbiranali, taonani dontho la mvula pachikutopa. Ndinamutsomphola bukulo, ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu ndi diresi la kutchalitchi, n'kuyamba tsamba loyamba. Mvula yamawawa inayamba, yonga yomweyi, iye anavula jekete n'kulitambasula pamwamba panga, koma ndikukhulupirira kuti ankatchinga buku.

Patapita nthawi anatsokomola. “Nanga yankho langa?”

Ndinati, “Tadikira iwe, Dziwani akadali m'madzi, sanamuvuule Mwatitha.”

Anadikira, mwana wa eni ake, akunjenjemera ndi chisanu cha Mzuzu, Nyamhango atatopa n'kupita kwawo. Nditafika pa ukwati paja ndinalira ngati amayi ake a Mwatitha, ndinatseka buku, ndinayang'ana m'mwamba, n'kuona munthu wanyowa ngati nkhuku, makutu akudontha madzi. Ndinati, “Ine ndinagwa kalekale. Tolani.”

Ndiye zidzukulu zanga, werengani, mabuku amenewa ndi abwino, ndipo mukafuna kulira lirani, palibe wokuthamangitsani ndi mthiko pano. Koma mawu akakugundani m'khutu mwachilendo, funsani kaye musanavale duku lakuda, pakuti ine ndinalira maliro a munthu amene ankadya keke, ndipo ndinatsala pang'ono kuthamangitsa mwamuna wabwino pa mlandu woti wandifunsira. Taonga ayambe ndi iye, Chisomo udikire, ndipo woyamba kumaliza asamuuze mnzake mathero, kaya m'chilankhulo chanji.

Mwawaona akumwetulira? Ndinanena ine kuti si tulo timeneti. A Mhango, shawelo yanga yagwera kuseri kwa mpando wanuwo, tanditolereniko. Shawelo yokhayo, bambo. Zinazo munatola kale.