Utuchi wa mkungudza ndi chifuwa cha a Tembo

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, kulikonse kumene mawu awa akupezani. Ine ndine mayi Tembo wa ku Chelstone kuno ku Lusaka. Ndikufuna kukuuzani za chaka chimene amuna anga anatsala pang'ono kufa ndi chifuwa, ine ndikungoyang'ana, wopanda chochita.

Anali masiku a chipani chimodzi. A Tembo anali kalaliki mu ofesi ya boma m'tauni, ndipo tinkakhala m'nyumba ya boma. Mowa sankamwa, mpira analibe nawo ntchito, koma akaona thabwa ankaiwala kuti ali ndi mkazi. Loweruka lililonse ankalowa m'kachipinda ka kuseri ndi sowo yawo, n'kumapanga timipando tongogawira abale. Tsiku lina mzungu wa ku Kabulonga amene ankabwerera kwawo anawapatsa matabwa a mkungudza. Fungo lake linali lokoma, moti inenso ndinasangalala atanena kuti andipangira kabati ya zovala.

Koma tinali ndi mantha. Kunkamveka kuti wa m'boma akadziwika kuti ali ndi bizinesi yapambali, ntchito imatha, nyumba nayo n'kupita. Moyang'anizana nafe munkakhala bana Chanda, Mbemba wochokera ku migodi, wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu. Mayi ameneyo palibe chinkamudutsa, ndipo kunena zoona ndinkamuda. Choncho a Tembo anakhomera masaka pawindo, n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi bulangete lakale kuti phokoso la sowo lisamufike. Madzulo ankatuluka ali psuu, utuchi uli m'mphuno ndi m'nsidze momwe.

Zinayamba ngati chimfine, kuyetsemula ndi maso kufiira. Kenako chifuwa chinayamba kulira mluzu akamapuma. Lamlungu kutchalitchi sankatha kumaliza ngakhale vesi limodzi la nyimbo. Lolemba ankapita kuntchito akudzikoka, pofika Lachisanu akupezako bwino, Loweruka n'kubwereranso ku matabwa awo, ati kukawongola thupi. Palibe mwa ife amene anaganizira mtengo wonunkhira bwino chonchija.

Kuchipatala anayeza makhololo, chifuwa chachikulu sanachipeze. Dokotala anafunsa ngati amagwira ntchito pafumbi. A Tembo anayankha kuti iwo ndi a mu ofesi basi, ndipo tinabwerera ndi mankhwala a chimfine. Ife tinkaona ngati chimene wanena kuchipatala cha boma, mawa chafika kwa abwana. Alamu anga ku Chipata anatumiza mawu akuti anzawo akuntchito awalodza chifukwa cha mpando. Thupi linatha, malaya anayamba kuwakulira. Ndinasala kudya, ndinalira, ndipo ndinafika pomukwiyira Mulungu. Pomaliza mawu ambiri anandithera, ndinkangoti, Ambuye nditumizireni munthu, aliyense amene mungafune.

Loweruka lina masana ndinali kuchapa panja, iwo akukwecha zitseko za kabati ija ndi sandipepa. Mwadzidzidzi phokoso linaleka. Ndinaitana, osayankha. Nditakankha chitseko ndinawapeza atagwada, atagwira m'mphepete mwa tebulo, kukamwa kuli yasa, milomo itada. Ankandiyang'ana koma mawu osatuluka. M'chipindamo fumbi linali tolotolo, moti inenso linanditsamwitsa.

Ndinakuwa. Munthu woyamba kufika anali bana Chanda. Sanafunse kanthu. Anazula masaka aja pawindo, n'kuwagwira a Tembo m'khwapa, ine kumiyendo, mpaka panja. Kenako anathamangira kumsewu n'kuima pakati penipeni, chitenje cha chipani chili m'chiuno, mpaka galimoto ina inaima. Njira yonse mutu wa amuna anga unali pachifuwa panga, ndikumva mpweya ukuchepa, ndikuganiza kuti ndifika kuchipatala ndili wamasiye.

Kuchipatala anawabaya jakisoni n'kuwaika pa mpweya. Dokotala anatembenukira kwa ine n'kufunsa chimene ankachita pamene zinawayamba. Ndisanatsegule pakamwa, bana Chanda anayankha.

"Ba dokota, aba bamazitsekela mu fumbi ya matabwa Loweluka lililonse. Na windo bamatseka na masaka."

Mumtima ndinati basi, ntchito yatha, nyumba yapita, mayi uyu watimaliza. Koma dokotala sanafunse za bizinesi, anafunsa mtundu wa mtengo. Nditati mkungudza, anagwira mutu. Anatifotokozera kuti utuchi wa mtengo umenewu umatha kuyambitsa mphumu kwa anthu ena, kuti chifuwa chikayamba kudana nawo ngakhale pang'ono pokha umatseka mpweya, ndipo nthawi zina umagwira munthu patapita maola atachoka kale pamatabwapo. Anakwiya kuti tinamubisira poyamba paja, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira.

Pakhonde ndinamugwira dzanja bana Chanda, misozi ikutsika, kumupempha kuti asakatinenere.

"Imwe amake Dailesi, nikanene chani?" anatero. "Sekishoni yonse iziba kudala. Ija sowo imamveka mpaka ku maliketi. Ine nenze kuyembekeza chabe kuti banipangileko ka stulu."

Ndinaseka ndikulira. Miyezi yonse ija amuna anga ankadzitsekera m'fumbi pobisa chinthu chimene ana omwe a m'dera lathu ankachidziwa.

Patapita masiku ndinapita kukawaona masana ndi phala m'fulasiki. Ndinawapeza atagona chagada, maso otseka, ali zii. Ndinatchera khutu pachifuwa, mluzu uja osaumva. Fulasiki inagwa pansi. Ndinawagwedeza mwamphamvu, ndikuitana dzina lawo loyamba limene sindinalitchulepo pagulu. Anatsegula diso limodzi.

"Amake Dailesi, munthu asagoneko?"

Ankapuma mwakachetechete ngati munthu wina aliyense. Ndinali nditaiwala kuti kupuma kulibe phokoso.

Chifuwacho sichinatheretu, mpaka lero amayenda ndi mankhwala opopera m'thumba, ndipo mkungudza sanaukhudzenso. Koma anakhala ndi moyo, analera ana awo, ndipo ndikulemba pano ali pakhonde akukangana ndi wailesi. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa lopanda ulemu lija, n'kunditumizira munthu amene ndikanasankha ndekha sindikanamuyang'ana n'komwe.

Inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, musaleke kupemphera, ndipo dokotala akakufunsani muuzeni zonse, ngakhale zimene mukuopa. Amene mumakonda matabwa, tsegulani mawindo ndi kuphimba mphuno. Ine ndinauona mpweya ukuthera munthu m'manja mwanga, ndipo Ambuye anaubweza. Limbikani, sanakuiwaleni.