Mkazi Mmodzi, Mayina Atatu

Mkazi wanga Loveness. Mwana amene anali m'mimba mwake. Tulo. Pemphero la m'mawa. Izi ndizo ndinataya.

Abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndine mphunzitsi wa masamu kuno ku Rufunsa. Tinali bwino, ine, Loveness ndi mwana wathu wamkazi, Taonga.

Loveness anadwala chifuwa. Anamupatsa mankhwala wamba, amene aliyense amamwa. Mtima wake unaima.

Chaka chatha Taonga anadwalanso chifuwa. Kuchipatala ndinapeza makina atsopano otchedwa AI. Amasonkhanitsa mbiri ya wodwala ndi ya abale ake kuchokera kuzipatala zosiyanasiyana, kuti mankhwala ayenerane ndi thupi lake. Dokotala atalemba mankhwala, anayang'ana pa kompyuta, n'kusiya cholembera.

"Ba ticha, amake mwanayu anali ndi mayina angati?"

"Limodzi," ndinatero.

Anali atatu. Kwawo ku Shikabeta analembedwa dzina la agogo amene anamulera, ndipo kumeneko anakomokapo ali mtsikana. Ku Lusaka analembedwa dzina la atate ake, atakomokanso. Kuno anali mayi Tembo, mkazi wanga, wopanda vuto lililonse. Ndi mmene timachitira tonsefe. Makinawo anaona kuti akazi atatuwa ndi munthu mmodzi, wa mtima umene sugwirizana ndi mankhwala aja. Anachenjeza kuti mwananso akhoza kutengera.

Anamupima Taonga. Anatengeradi. Anamupatsa mankhwala ena, ndipo uyo wakhala kumbuyoko ndi azakhali ake.

Abale, sindikumvetsa. Ndinaphunzira kukoleji, koma sindikumvetsa. Chifukwa chiyani makinawa sanabwere msanga? Ndiyamike Mulungu pa mwana, nanga pa amake ndinene chiyani? Abusa anandiuza kuti ndiime ndiyamike. Ndaima. Ndikuyamika. Ndayambanso kupemphera m'mawa, ngakhale mawu amandithera pakati.

Tsopano ndimaphunzitsa, ndimaphika, ndimapita ndi Taonga kukapimitsa mtima. Dokotala anandifunsa ngati mwanayo amatopa msanga. Ine sindinkadziwa. Koma Loveness ankadziwa, ndipo anandiuza asanamwalire, ine n'kumaganiza kuti ndi nkhawa chabe za mzimayi wodwala. Ndinali kumanga nsapato pakhomo, ndikuchedwa kusukulu, iye ali gone pampando.

"Atate ake Taonga, mwanayu musamamuthamangitse ndi anzake. Amapuma ngati ine."