Amayi Athu Ankasambitsa Mkazi Mnzawo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1958 konkuno ku Kapondo, ndipo anabatizidwa dzina lakuti Consolata. Amene ndikuwerengane ndine Thandiwe, mwana wawo woyamba. Akuluakulu a mpingo, mafumu, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, mundikhululukire. M'mbiri muno muli zina zimene pamaliro timakonda kuzilumpha, koma eni ake anandiuza kuti ndisalumphe.

Sukulu analekezera Sitandade 5, n'kuyamba kuthandiza makolo kumunda wa mtedza. Mu 1977 anamanga ukwati kutchalitchi ndi malemu bambo Benedicto Sakala, amene anadzakhala mkamwini pamudzi pano. Mulungu anawapatsa ana anayi.

Mu 1991 bambo anayamba geni ya mtedza kutsidya kwa malire, ndipo maulendo a ku Chipata anayamba kutalika. Chaka chotsatira zinadziwika kuti akwatira mkazi wina wa kumeneko, mayi Dyna, ndipo awapezera nyumba pa Boma. Amayi athu anali ndi nsanje, ndipo sankabisa. Akamva kuti mnzawoyo amugulira chitenje, ankafufuza mpaka adziwe maluwa ake. Dzina lakuti Dyna silinkatchulidwa pakhomo pathu, ankangoti wa pa Boma uja. Mu 2008 bambo akutsirizika, mutu uli pamiyendo pa amayi, dzina limene anaitana linali la Dyna. Zimenezi zinawapweteka amayi moyo wawo wonse.

Mu Ogasiti 2013 tinamva kuti mayi Dyna afa ziwalo mbali ya kumanja, ndipo atha masiku awiri m'nyumba popanda wowapatsa madzi. Mwana analibe, ndipo abale awo ku Zambia anali atatha. M'mawa mwake amayi anakwera galimoto, ndipo madzulo tinangoona akutsitsa mkazi mnzawo pakhomo pano. Amalume anakana, anati malo ano ndi a mbumba yathu, munthuyu si wathu. Amayi anayankha kuti iwo sakumupemphera munda, akungofuna poyala mphasa.

Kuyambira tsiku limenelo, kwa zaka khumi ndi ziwiri, ntchito yawo yoyamba m'mawa inali kufunditsa madzi, kuwasambitsa mayi Dyna, kuwadzoza mafuta ndi kuwatulutsa padzuwa. Kumunda ankapita anzawo atalima kale mizere ingapo. Musaganize kuti ankachita zimenezi akuimba nyimbo za kutchalitchi. Tinkawamva kubafa akukangana za amene bambo ankamukonda kwambiri, amayi akuwakhula msana mwamphamvu ndithu. Anzawo a kumphakati akawayamikira kuti ali ndi mtima wabwino, ankangoseka. Ankati nsanje sinathe, imadzuka nawo m'mawa uliwonse, ndiye amaisenzetsa ndowa n'kupita nayo kukasambitsa Dyna. Ankati Ambuye Yesu anatilamula kukondana, koma sananene kuti tiyambe tadikira mtima upole.

Pano ndidziulule nanenso. Mu 2016 ndinabereka movutikira kuchipatala cha pa Boma. Amayi anabwera, anamunyamula mwana, ndipo ola lisanathe anali atamanga kale chitenje, akuti Dyna sanasambe ndipo ine ndili ndi apongozi ondidikirira. Ndinatha miyezi isanu ndi umodzi osaponda pakhomo pano. Mayi amene anatilanda bambo anali atatilandanso amayi, ndipo ine ndinkadana nawo.

Malemu anayamba kudandaula za mtima mu Julaye chaka chino, koma ndowa sanaisiye mpaka tsiku limene anagwa nayo. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 21 Okutobala 2025, ali ndi zaka 67. Tsiku lomalizalo anandikodola, ine n'kusendera pafupi, ndikuyembekeza kuti tsopano mawu ake akhala anga. Anati madzi a Dyna ndiziyamba ndawayesa ndi chigongono, chifukwa mbali yakufayo samva kutentha, angapse osadziwa. Makolo anga onse awiri apita dzina la munthu mmodzi lili pakamwa, ndipo sindinama pamaso pa bokosi ili, zikundiwawa mpaka pano.

Kuyambira dzulo ndakhala ndikumva manong'onong'o akuti mwambo ukatha tipeze galimoto yowawolotsa malire mayi Dyna, akaone okha kolowera. Amene mukunena zimenezi mumvetsere bwino mayina a otsala. Malemu asiya ana anayi: ine Thandiwe, Maliko, Eliza ndi Tabeth. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi ndi alongo awo awiri. Asiyanso mng'ono wawo, mayi Dyna, amene akhala pampando apowa, ndipo kwawo ndi pano.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a kumphakati amene amasinthana kusambitsa mayi Dyna pamene ife tinali kuchipatala, adzukulu okumba manda, komanso bambo Yakub a golosale pa Boma amene anapereka galimoto yawo kunyamula thupi, ngakhale sitipemphera pamodzi.

Amayi, mzimu wanu uuse mumtendere, mwatopa. Nsanje yanga nayonso idzuka mawa m'mawa, ndipo ndowa ija ndaiona pamene munaisiya.